Botolo Lomwe Linakana Kukalamba

Mwana wa mayi wosoka zovala anamwalira Lolemba m'mawa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu a Makiyi anali kale m'chitokosi mwathu, lamba ndi zingwe za nsapato titawalanda. Bwana wanga ankafuna munthu woti aonetse atolankhani, ndipo a Makiyi, osunga nyumba ya mankhwala pachipatala chachikulu, ndiwo anali pafupi.

Nkhani yake inali ya mankhwala a khunyu a ana, amadzi otsekemera, okhala m'botolo lakuda. Papepala la botololo analembapo kuti amatha zaka ziwiri osaonongeka. Koma ana amene anasiya kugwa kalekale anayambanso kugwa, ena maso atasanduka achikasu, ndipo madokotala atayeza anapeza kuti mankhwalawo aonongeka. Mphamvu yake inali itatha, chotsalacho chinkadya chiwindi. Akuluakulu a chipatala sanachedwe kuloza chala. Anati a Makiyi anasiya makatoni m'kontena yachitsulo padzuwa.

Ine ndine wapolisi wofufuza milandu, ndipo ndagwirapo akuba ndi achiwembu ambiri osataya tulo. Mlandu uwu wokha ndiwo unandilowera m'nyumba. Mwana wanga mmodzi yekhayo, amene timam'tcha Timba chifukwa cha kuchepa thupi ndi kulongolola, amamwa mankhwala omwewo, supuni m'mawa, supuni madzulo. Mabotolo athu sankadutsa kuchipatala. Amake ankabwera nawo kuchokera kuntchito, poti amagwira ku fakitale yomwe imapanga mankhwalawo, m'chipinda choyezera. Choncho masamu anga anali achidule. Ngati wolakwa ndi dzuwa la a Makiyi, Timba wapulumuka. Ngati vuto lili m'mankhwala momwemo, ndiye kuti mwana wanga akumwa imfa kawiri pa tsiku, ine ndikumuombera m'manja kuti wameza bwino. Ndinene mosabisa, ndinalowa m'chipinda chofunsiramo ndikupemphera kuti mkuluyo akhale wolakwa.

"Bwana, ine sindikana," anatero a Makiyi. Dzanja lawo linkapitabe m'chiuno kukafuna mulu wa makiyi womwe unali m'dirowa yanga. "Makatoniwo anagonadi m'kontena. Ankapaka penti mashelefu, nanga ndikanawasenza pamutu? Loweruka ndi Lamlungu basi. Lolemba lake ndinawalowetsa ndekha, msana uwu ndi mboni."

"M'kontenamo mumatentha?"

"Mumatentha, bwana, mungaphikemo dzira. Koma taganizani inuyo. A malungo anali momwemo, a chifuwa anali momwemo, onse ali bwinobwino mpaka lero. Awa okha ndiwo apamwamba, oti dzuwa la Loweruka liwaphe? Ine ndinayamba kusunga mankhwala tsitsi ili lili bii. Mwana wa munthu sindingamuphe, bwana, ndili ndi adzukulu."

Anayamba kulira mosatulutsa mawu. Ndinatuluka nditakwiya, ndipo chimene chinandikwiyitsa n'chakuti funso lawo linali lanzeru.

* * *

Mayi wa mwana womwalirayo ndinawapeza tsiku lotsatira m'kachipinda kawo kosokeramo. Achibale anali panja, iwo anadzitsekera okha. Anakhala kutsogolo kwa makina osapalasa, pansi pa singano pali kamalaya ka sukulu kokhala ndi mkono umodzi.

"Botolo lake ndi ilo," anatero osandiyang'ana. "Tengani."

"Munalandira liti kuchipatala, mayi?"

"Sindinalandire."

"Nanga munalipeza bwanji?"

"Kuchipatala kunali mzere. Ine ndinali ndi zovala za anthu. Ndinagula pafamase ya pamphambano, ija yozizira ngati m'furiji."

"Kunyumba kuno munkalisunga pati?"

"M'kabati. Pansi pa nsalu. Dzuwa silinalionepo." Apa ndi pomwe anadzutsa nkhope. "Mkulu mwam'mangayo walakwa chiyani?"

Ndinathamangira pafamasepo, ndipo mwiniwake, mayi wonenepa woyankhula ngati wailesi, anandiuza zonse ndisanamalize funso. Katundu wake amachokera ku fakitale molunjika, pagalimoto ya fakitale yomweyo, ndipo chipatala alibe nacho chibale. Ndinagula botolo limodzi losatsegula. Botolo lomwe linapha mwana uja silinadutsepo m'manja mwa a Makiyi.

* * *

Amake Timba ndi munthu wadongosolo loopsa. Kwathu ngakhale botolo la mafuta ophikira amalikulunga pakhosi ndi kapulasitiki kotamuka ka kulabotale kuti mpweya usalowe, ndipo ndimawaseka kuti tsiku lina adzandikulunga pakamwa ineyo. Mankhwala a Timba sankalola aliyense kuwakhudza, ati ine dzanja limandinjenjemera. Madzulo a tsikulo ndinawapeza kukhitchini supuni ili m'manja, Timba atayasamula kale.

"Musam'patse," ndinatero.

"Timba, pita ukaone ngati zovala zauma," anatero amake. Mwana atatuluka ananditembenukira. "Ndim'patsa."

"Mwana wa eni wafa ndi botolo la pafamase. Si dzuwa ayi, ndi mankhwala anuwa."

"Akadumpha kamodzi kokha mukudziwa chimene chimachitika. Mwaiwala tsiku lija anadziluma lilime m'bafa?"

"Sindinaiwale. Koma chiwindi?"

"Awa ndi abwino."

"Mukudziwa bwanji?"

"Ndikudziwa."

Kudekha kwawoko n'kumene kunandiwawa. Ine mtima uli m'mwamba, iwo akuyankha ngati akuwerenga za nyengo. Ndiye ndinayankhula mawu oipa. Ndinawafunsa ngati akuikira kumbuyo mwana wawo kapena fakitale yawo. Ndinatsegula kabati n'kutenga botolo lachiwiri, lomwe tinali tisanayambe kumwa, ndipo pamenepo anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Limenelo ayi. Chonde, bambo a Timba, lisiyeni."

Chikwatiranireni mkazi ameneyu anali asanandipemphepo kanthu ndi mawu otero. Ndinasolola dzanja langa, botolo ndinaponya m'thumba la jekete.

* * *

Ku labotale ya boma anandilandira ndi ulemu wambiri ndi thandizo lochepa. Mkulu wa kumeneko anati kuyeza mmene mankhwala amaonongekera n'kuwaika m'chipinda chofunda, n'kumatapa pang'ono mwezi ndi mwezi. Ndibwerenso pakatha theka la chaka.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, a polisi," anatero akumwetulira. "Komanso mlandu suola."

Ndikanapanda kuvala chitupa cha ntchito pakhosi, bwenzi mlandu wina utayambira pomwepo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mkuluyo m'mimba mwake munali zii. Ndikutsika masitepe, mayi wina wovala chovala choyera ananditsina khutu. Anati ku sukulu yaukachenjede kuli katswiri wina, amam'tcha a Changu chifukwa amadana ndi kudikira, amene ali ndi njira yatsopano.

A Changu anali kamunthu kouma, magalasi ali pamphumi, ndipo ankafunsa mafunso n'kumadziyankha okha. Chipinda chawo chinali chothinana, chonunkha ngati mankhwala ochotsera penti. Pakati panali chitsulo chafulati chokhala ndi timaenje tambirimbiri, ndipo pamwamba pake pankayenda singano yamakina.

"Theka la chaka? Anatero? Amatero," anatero akuvala magolovesi. "Mankhwala amakalamba ngati munthu. Iwo amawakhazika pashelefu n'kumadikira imvi. Ine ndimawakalambitsa. Mkaka mumaudziwa? Mumaudziwa. Pamthunzi umasasa mawa, padzuwa umasasa lero. Chitsulo ichi chili ndi mizere, uwu wofunda, uwu wotentha, uwu wotentha kwambiri. Ndiika madontho m'timabotolo iti, singanoyo izitapa ola ndi ola n'kuyeza mphamvu yotsala. Ndikadziwa liwiro lomwe akufera pamoto uliwonse, masamu andibweza chammbuyo mpaka ndidziwe liwiro lake m'kabati ya kunyumba. Zaka ziwiri ndimazipinda zikwane m'masiku ochepa."

"Ndipo mudziwanso ngati Loweruka ndi Lamlungu m'kontena zingawaononge chonchi?"

"Chimenecho ndiye chophweka. Bweretsani."

Ndinaika mabotolo anayi patebulo. La ku nyumba ya mankhwala ya a Makiyi, la mwana womwalira, losatsegula la pafamase, ndi lachinayi lomwe ndinangoti n'losatsegula, osanena kumene lachokera. A Changu anawalemba manambala n'kuyamba kutsegula akuimba chapansipansi. Atafika pa lachinayi anasenda kapulasitiki ka pakhosi kaja, ndipo nyimbo inaduka. Anatsitsa magalasi, kuyang'ana chotsekera, kuyang'ana ine.

"Ili ndi la ndani?"

"La mlanduwu."

"Chabwino," anatero, koma sanaimbenso.

* * *

Masiku odikirawo sindifuna kuwakumbukira. Ndinapita kwa dokotala wa ana kukapempha mankhwala ena, iye anangondionetsa shelefu yopanda kanthu. Ochepa omwe analipo anathera kwa ana ogonekedwa, ndipo fakitale yopanga mankhwala a mtunduwo m'dziko lonse inali yomweyo. Anandichenjeza kuti kusiyitsa mwana mwadzidzidzi kungamuphe msanga kuposa chiwindi. M'wodimo munali ana ogona awiriawiri pabedi, amayi atakhala pansi, ndipo mwana wina anamwalira ine ndili pakhomo.

Kuntchito bwana ankafuna nditseke fayilo. A Makiyi anasiya kudya, mbale zinkabwerera mmene zapitira. Kunyumba ine ndi amake Timba tinkangodutsana ngati alendo pa siteshoni ya basi. Supuni ankam'patsabe, ine ndinkatuluka panja kuti ndisaone, poti kuletsa ndinkaopa, kulola ndinkaopanso. M'mawa uliwonse ndinkam'kokera Timba pawindo n'kutsitsa zikope zake kufuna chikasu.

"Adadi, mukufunamo chiyani m'maso mwangamu? Akuba?" anandifunsa tsiku lina.

"Eya, akuba."

"Mulibe. Ndatseka ndi loko."

Anaseka n'kuthamangira kusukulu. Maso ake anali oyera, ndipo sanagwe ngakhale kamodzi. Anzake onse a pamzere wa kuchipatala anali atagwa, iye yekha ayi. Ndinati ndi mwayi, ndinathokoza Mulungu, ndipo wapolisi wa m'mutu mwanga ndinam'tseka pakamwa.

* * *

A Changu anandiimbira Lachisanu chakumasana. Ndinakwera masitepe awiriawiri. Pa kompyuta yawo panali mizere inayi, itatu yotsetsereka ngati msewu wa paphiri, umodzi wogona pamwamba.

"Tiyambe ndi mkulu wanu wa makiyi. Wolakwa? Ayi. Onani atatuwa. La m'kontena, la malemu, la pafamase, onse akufa pa liwiro limodzi, ngati ana a mimba imodzi. Kontenayo inangowadyera timasiku tochepa, si kanthu. Mankhwalawa anabadwa odwala. Ngakhale m'chipinda chozizira sangathe miyezi inayi. Ndikuona kuti anasintha chotsekemeretsa n'kuika china chowawasa, ndipo chimenecho chikudya mankhwala m'botolo momwemo. Woyeza aliyense wa ku fakitale, ngakhale waulesi, akanaona zimenezi m'masabata oyamba."

Ndinaloza mzere wogona pamwamba uja. "Nanga wachinayiwo?"

"Wachinayiwo ndiwo wandisowetsa mtendere. Ndauwotcha, ndauwotchanso, ukukana kukalamba. Zaka ziwiri ungathe, n'kupitirira. Papepala nambala ya gulu ndi yomweyo ndi la pafamase, kutanthauza kuti anatuluka mumphika umodzi tsiku limodzi. Zingatheke? Sizingatheke. Za m'katimo si za fakitale. Munthu anakhuthula, anatsuka botolo, n'kusakaniza zake ndi ufa weniweni, popanda chowawasa chija. Dzanja labwino kwabasi, ine ndingam'lembe ntchito lero."

Anatenga chotsekera cha botolo lachinayilo n'kundionetsa kamkombero kake kapansi, kaja kamathyoka munthu akatsegula koyamba. Kanali kothyoka.

"Munati losatsegula, eti? Kapulasitiki kaja ndiko kanabisa. Koma sanakaike kuti abise, mukudziwa? Wakuba wamba akanamata ndi guluu. Uyu anakulunga mokoka, mozungulira kawiri, n'kusiya kamchira kogwira posenda. Timaphunzitsidwa choncho chaka choyamba, ndipo dzanja silimaiwala. Ndi munthu wa ntchito yathu ino, ndipo ankadziwa kalekale kuti za fakitalezo n'zakupha." Anavula magalasi. "A polisi, botololi ndi la ndani?"

Chimwemwe ndi mantha zinandigwira nthawi imodzi, ndipo sindinadziwe choyamba kumva. Mwana wanga sanamwepo imfa ngakhale supuni imodzi, ndipo chifukwa chake ndinali nditachidziwa.

* * *

Ndinawapeza kukhitchini dzuwa likupendeka, akutsuka mbale. Timba ankasewera panja ndi ana a pafupi. Ndinaika chotsekera chija ndi kapulasitiki kake pambali pa sinki. Anachiyang'ana, anatseka mpopi, n'kupukuta manja pang'onopang'ono.

"Munadziwa liti?" ndinafunsa.

"Atangosintha chotsekemeretsa. Ndinaziona mu uvuni wanga woyezera mankhwala sabata yachitatu."

"Munauza ndani?"

"Bwana wamkulu. Anati katundu wapita kale, fakitale ingagwe. Anati m'mabotolo oyezera ndiike mankhwala akale aja, zotsatira zituluke zabwino."

"Ndipo munaika."

"Ndinaika."

"Bwanji osandiuza ine? Ndimagona pambali panu, ndine wapolisi."

"N'chifukwa chake." Anakhala pampando. "Mukanapita tsiku lomwelo. Fakitale akanaitseka, ine akanandichotsa, ndipo ufa weniweni umakhala m'chipinda changa chokha. Wa Timba ndikanautenga kuti? Munaiona shelefu ya dokotala. Ndinawerengera, bambo a Timba. Ndinati miyezi inayi ndi yambiri, mabotolo amwedwa asanaonongeke, kenaka akonza mwakachetechete. Sindinawerengere kuti katundu amagona m'mashelefu. Masamu anga anali a mwana mmodzi."

"Kuli mayi wakhala pamakina osokera ndi malaya a mkono umodzi. Kuli mkulu m'chitokosi mwanga sakudya."

"Ndikudziwa. Kuyambira Lolemba ndikatseka maso ndimaona mzere wa kuchipatala uja. Ana aja ndimawadziwa mayina." Misozi inatsika koma mawu sanasinthe. "Munandifunsa ngati ndikuikira kumbuyo mwana kapena fakitale. Bola ikanakhala fakitale, bwenzi mukungodana nane basi."

Ndinakhala moyang'anana nawo. Ndinkawakonda amake Timba, ndipo pa nthawiyo ndinkawaopa, ndinkawathokoza, ndinkafuna kuwagwedeza mpaka mano agwe. Popanda mawu awo bwana wa fakitale akanati a Changu ndi wamisala wa timabotolo, mlandu ukanakokeka theka la chaka, mankhwala akugulitsidwabe. Mboni yoti mabotolo achotsedwe m'mafamase mawa lomwe inali imodzi yokha, ndipo inali itakhala pampando wa kukhitchini kwanga. Unyolo unali m'thumba, ukundilemera ngati mwala.

"Katswiri wanuyo wati anga akhala nthawi yaitali bwanji?" anafunsa.

"Zaka ziwiri, n'kupitirira."

Anagwedeza mutu ngati wophunzira amene wauzidwa kuti wakhoza. Anagwada, n'kusuntha mapoto m'kabati yapansi. Kumbuyo kwake kunali mabotolo akuda ondandalikidwa bwino, lililonse lokulungidwa pakhosi, kamchira kali panja.

"Ndakhala ndikudzaza sabata yonseyi. Ndinadziwa kuti mufika kudzanditenga, ndinu wapolisi wabwino. Musawaike pawindo. Mugwedeze musanathire."

Chitseko chinatseguka ndi phokoso, Timba analowa mawondo ali mbuu ndi fumbi.

"Amama, nthawi yakwana. Ndayasamula kale, onani."

Amake anatenga botolo, anagwedeza, anasenda kapulasitiki. Kenaka anatembenuza supuni n'kundipatsa chogwirira chake.

"Lero akupatsa ndi adadi ako."

"Adadi amataya," anatero Timba. "Munanena nokha kuti amanjenjemera."

"Azolowera," anatero amake, akuvala nsapato zawo za kuntchito. "Thirani mpaka pamzere, bambo a Timba. Ine ndikudikirani m'galimoto."

Dzanja linanjenjemeradi, ndipo madontho awiri anagwera pansi. Timba anandigwira pamkono ndi manja ake onse awiri kuti supuni iime.